KALEREDWE KA MWANA WA GARU

M'buku la caka ndi caka tazolowera kuwerenga za mbeu, za mvula, za ng'ombe ndi za nkhuku. Koma pali ciweto cimodzi cimene cipezeka pafupifupi pa khomo liri lonse, ndipo kawirikawiri palibe amene acilembera phunziro, ndico garu. Ng'ombe tiimangira khola, nkhuku tiikonzera pogona. Koma garu timtenga kwa mnansi akali wamng'ono, timponyera mkute wa nsima, ndi kuyembekeza kuti adzadziwa yekha nchito yace. Akakula nayamba kuba mazira kapena kuluma ana, pamenepo titi, "Garu uyu ngwa mtundu woipa." Mtundu uli nayo mbali yace ndithu, koma mlandu waukuru uli pa masabata oyamba a moyo wace, ndi pa dzanja limene linamlera.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Zaka zapitazo, nditangofika pa malo atsopano a nchito kum'mawa kuno, mkulu wina anandininkha kagaru kofiira. Anthu anandilangiza kuti ndikafuna mlonda weniweni ndikamange kuseri kwa nkhokwe, asakagwire munthu ali yense, kuti kakule kaukali. Ndinacita comweco. Kanakula kosadziwa munthu wina koma ine, ndipo ngakhale ine kanandidziwira pa ndodo kwambiri koposa pa mbale. Tsiku lina mmawa mwana wa mnansi anadza kudzapala moto, napita pafupi ndi nkhokwe. Garuyo, poona kuti alibe kothawira cifukwa ca cingwe, anamluma pa katumba. Mwanayo anacira, atayenda maulendo angapo kucipatala cakutali. Koma sindiiwala nkhope ya amai ace tsiku lija, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga za makhalidwe a agaru.

Masabata oyamba

Garu wamkazi akhala ndi bere masiku ngati 63, ndiyo miyezi iwiri ndi masiku owerengeka. Ana ace abadwa osaona ndi osamva. Cimene adziwa ndico kufunda kwa amao ndi fungo la mkaka. Maso atseguka pakati pa tsiku la 10 ndi la 14, makutu pang'ono pambuyo pace. Pofika sabata lacitatu ayamba kuyenda dzandidzandi, ndipo mano oyamba amera, onse pamodzi 28. Kuyambira nthawi imeneyi kufikira masabata 12 kapena 14, kagaru kali kuphunzira cinthu cimene kadzakhala naco moyo wace wonse, ndico kuzindikira amene ali anzace ndi zimene ziri zoopsa.

Izi sitinena mongoganiza iai. Ku Bar Harbor, m'dziko la America, akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, analera ndi kupenyetsetsa mazana a agaru kwa zaka ngati 13, nasindikiza zimene anapeza m'caka ca 1965. Anasankha mitundu isanu, ndipo umodzi mwa iyo unali basenji, garu wosakira nyama wa ku Congo, wa makutu oimirira ndi mcira wopindika, wosasiyana kwambiri m'maonekedwe ndi agaru ena a m'midzi yathu. Anaona kuti mitundu isiyanadi m'cibadwa, wina wamanyazi, wina wofatsa. Koma pa mitundu yonse anapeza nyengo imodzimodzi yaifupi imene mtima wa kagaru uli wotseguka.

Anzao ena a pamalo pomwepo, Freedman, King ndi Elliot, anacita ciyeso cimene anacilengeza mu 1961. Anaika tiagaru pamodzi ndi amao m'minda yocingidwa ndi mpanda, nawapatsira cakudya ndi madzi pa mpandapo, kuti tisaone munthu. Tsono tina anatiturutsa tiri ndi masabata 2, tina 3, tina 5, tina 7, tina 9. Nasewera nato sabata limodzi lokha, natibwezera kumunda. Tina anatisiya osatigwira konse kufikira masabata 14. Pamene anayesa tonse pamodzi, timene tinagwiridwa pakati pa masabata 5 ndi 9 tinadza kwa anthu mosabvuta, ndi kulola cingwe. Koma tija tinasiyidwa tinakhala ngati nyama za m'thengo, tothawa munthu ndi kulimbana naco cingwe, cinkana palibe amene anatimenyapo.

Taonani apa: mantha a garu safuna kuti wina ayambe wamzunza. Kungomsiya yekha kukwanira. Amai oumba mbiya adziwa kuti dongo liumbika likali lonyowa. Likauma, ungathe kulisalaza pang'ono kunja, koma mkamwa mwa mbiya sungakulitsenso. Garu wamkuru aphunzira zambiri ndithu, koma kukhulupirira anthu kumene sanakupeze ali wamng'ono kubwera mocedwa ndi mopereweza. Akuru anati, m'mera mpoyamba.

Cifukwa cace, ngati garu wanu waswa, musabise ana ace. Amao akakhala wofatsa ndi wokuzolowerani, yambani kutinyamula pang'ono tsiku ndi tsiku. Pofika sabata lacitatu tione abambo, amai, okalamba a ndodo ndi ana, timve mtondo, njinga ndi kulira kwa mbuzi. Zonse zicitike mofatsa, ndipo ana ang'ono asanyamule kagaru popanda wamkuru pafupi. Komanso musafulumire kukacotsa kwa amao. Ambiri atenga kagaru ka masabata anai poopa kuti wina angawatsogolere kusankha. Kulakwa kumeneko. Posewera ndi abale ace, kakaluma kolimba mnzace alira nasiya masewera, ndipo m'menemo kaphunzira kucepetsa mphamvu ya mano. Kagaru kocotsedwa msanga sikalandira sukulu imeneyi. Dikirani kufikira masabata 8.

Garu alankhula ndi thupi

Pali mau amene ndawamva kawirikawiri pa milandu ya kulumidwa: "Anangoluma mwadzidzidzi, osacenjeza." Si kawirikawiri kuti ziri comweco. Garu acenjeza, koma ife sitimva cinenero cace.

Ambiri ayesa kuti garu wopukusa mcira ali wokondwa nthawi zonse. Penyani thupi lonse. Ngati mcira uyenda momasuka pamodzi ndi ciuno, pakamwa pali potseguka, ndi maso ofewa, ameneyo ndi bwenzi. Koma ngati mcira waima pamwamba wouma, nugwedezeka pang'onopang'ono kunsonga, thupi lauma gwa, ubweya wa pamsana waimirira, ndi maso akuyang'anitsani osaphethira, musayandikire. Mcira wolowa pakati pa miyendo, makutu ogona kumbuyo ndi thupi lotsika pansi zionetsa mantha. Ndipo garu wamantha amene alibe kothawira ndiye aluma kwambiri, monga anacitira wanga uja. Pali zizindikiro zina zazing'ono zimene zidza poyamba: kutembenuzira mutu kumbali, kunyambita milomo popanda cakudya, kuyasamula popanda tulo. Ndiko kunena kwace kuti, "Ndisiyeni." Koma akagwetsa cifuwa pansi, miyendo yakutsogolo itatambasuka ndi ciuno ciri m'mwamba, ali kupempha masewera.

Garu akadzuma ndi kuonetsa mano, musammenye cifukwa ca kudzumako. Cotsani mwana, ndipo funani cimene camsautsa. Mukammenya, mantha ace sacoka. Cimene aphunzira ndico kuti kucenjeza kudzetsa ndodo, ndipo tsiku lina adzaluma osadzuma. Mudzakhala mwacotsa belu pa njinga, koma njingayo iri kuthamangabe.

Ana athu nawonso aphunzitsidwe. Asasautse garu pamene ali kudya, ali m'tulo, kapena ali kuyamwitsa. Garu wacilendo akawathamangira, asathawe ndi kukuwa, pakuti cothawa cidzutsa mtima wa kusaka. Aime ciriri ngati mtengo, manja ali m'mbali, osamyang'ana m'maso, kufikira atanunkhiza ndi kucoka. Ndipo garu wa pakhomo akauwa usiku, turukani mukaone. Garu wamkota sakandira pacabe, ndipo akaona kuti mwamva aleka msanga koposa pamene mungomkalipira muli pa mphasa.

Mmene garu aphunzirira

Katswiri wa ku Russia, Ivan Pavlov, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904 cifukwa ca kufufuza kagayidwe ka cakudya m'mimba, anaona kuti agaru ace anayamba kudza malobvu asanaone cakudya, pongomva mapazi a wowadyetsa. Poyesa, anapeza kuti kaphokoso kali konse kamene katsogolera cakudya nthawi ndi nthawi kacititsa comweco. Mai ali yense adziwa zimenezi popanda kupita ku Russia: akangoyamba kupala m'mphika, garu wafika kale pa khomo la khichini. Nzeru ya garu ndiyo kulumikiza zinthu ziwiri zimene zicitika pamodzi. Cimene cimdzetsera cabwino acibwereza, ndipo cimene sicimpatsa kanthu acisiya. Koma kulumikizako kucitika pa kamphindi kakafupi, ngati kuomba m'manja kamodzi kapena kawiri. Mphoto kapena cidzudzulo cocedwa sicimphunzitsa kanthu.

Apa ndi pamene tilakwa koposa. Munthu abwera kumunda madzulo, napeza zikamba za mazira m'cisa. Aitana garu, ndipo garu pobwera ammenya. Kodi waphunzira ciani? Mazira anadya mmawa, ndipo ndodo yadza madzulo, ataitanidwa. Cimene walumikiza ndico kuti mbuye akaitana, kubwera kupweteka. Mawa mazira adzadyanso, koma kuitanidwa sadzabwera.

Wina adzati, "Koma adziwa kulakwa kwace, taonani mmene aweramira ndi kubisa maso." Inenso ndinkanena comweco. Mu 2009 mai wina wophunzira wa ku New York, Alexandra Horowitz, anayesa nkhani imeneyi pa agaru 14. Mwini garu ankaletsa garu wace kudya kacakudya, naturuka m'cipinda. Pobwera ankauzidwa kuti garu wadya kapena sanadye, koma nthawi zina ankauzidwa zosaona mwadala. Cinapezeka ncakuti nkhope ija ya wolakwa inaoneka pamene mwini anakalipa, kaya garu anadya kaya sanadye. Ndipo osalakwa amene anakalipiridwa ndiwo anaonetsa nkhopeyo kwambiri. Kuwerama kuja si kulapa iai, ndiko kupepesa mkwiyo umene auona pa nkhope yanu.

Nanga tiphunzitse bwanji? Yambani ndi dzina. Ena apatsa garu dzina lolasa nalo mnansi amene anayambana naye, kuti poitana garu mau afike kuseri kwa mpanda. Mwambo umenewo ndiusiya kwa eni ace, koma dzina lalitali ngati mwambi libvuta garu. Sankhani lalifupi. Chulani dzinalo, ndipo kakangotembenuka kukuyang'anani, patsani kapenta mmodzi kapena kambamu ka nsima yonyika m'msuzi. Pambuyo pace phunzitsani "Bwera": gwadani pansi, itanani ndi mau okondwa, ndipo kakafika kalandireni bwino nthawi zonse, cinkana kacedwa, cinkana mtima wanu wapsa. Lamulo limeneli ndilo lidzapulumutsa mbuzi ya mnansi tsiku lina, kapena garu mwini pamseu wa magalimoto.

Pofuna kuphunzitsa "Khala", gwirani kacakudya pamwamba pa mphuno, ndi kukayendetsa pang'ono kunka kumbuyo kwa mutu. Kagaru potsata ndi maso kakhala pansi kokha. Pomwepo nenani mauwo, ndi kupatsa. Musapitirire mphindi zisanu pa nthawi imodzi. Kawiri kapena katatu pa tsiku kukwanira. Kakadziwa, cepetsani zakudyazo, muzipatsa mwa kamodzikamodzi, ndi kuonjeza kuyamika ndi kusisita. Ndipo a m'nyumba onse agwirizane mau ndi malamulo. Ngati amai athamangitsa garu ku khichini koma ana amdyetsera komweko, wosokoneza si garu.

Za nkhuku ndi mbuzi, musadikire kuti agwire yoyamba. Kakali kakang'ono, yendani nako pa cingwe pakati pa ziweto. Kakaziyang'ana mosatekeseka, yamikani. Kakafuna kuthamangitsa, nenani "Iai" ndi mau olimba pa nthawi yomweyo, ndi kukatembenuza. Zisa za nkhuku zikwezeni pamwamba. Pakati pa miyezi 4 ndi 7 mano oyamba aguluka, ndipo amera a ukuru 42. Nkhama ziyabwa, kotero katafuna nsapato ndi mphasa. Kapatseni cingwe cokhuthala cakecake kapena fupa lalikuru la ng'ombe losaphika, ndipo nsapato muzipacike.

Njala ndi tsabola

Pali ciphunzitso ca m'midzi cakuti garu wokhuta sasaka ndipo salonda. Cotsatira cace ndico agaru a nthiti zowerengeka amene tiwaona pa maliro ndi pa maukwati, olimbirana makombo. Garu wanjala sakhala pakhomo. Ayenda m'midzi ya eni, aba, amenyana ndi anzace, natenga nthenda kumeneko. Mtima wa kusaka uli m'cibadwa cace, ndipo cimene njala imcotsera ndico mphamvu ya kuthamanga. Comweconso kudyetsa kagaru tsabola kapena mankhwala kuti kakhale kaukali kungokapweteka m'mimba. Mlonda wabwino ndiye amene adziwa anthu a pakhomo ndi abale ao, nazindikira mlendo wa usiku. Woluma ali yense si mlonda, ndi mlandu woyembekeza tsiku lace.

Kagaru kosiya kuyamwa kadye kanai pa tsiku kufikira miyezi itatu, katatu kufikira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pambuyo pace kawiri. Nsima kapena phala la gaga lokha silikwanira kumanga thupi: onjezani kapenta wosinja, mitu ya nsomba yophika bwino ndi kusinja, dzira nthawi zina, nyemba kapena nsinjiro. Mafupa ophika a nkhuku asweka ngati minga nalasa matumbo, ndipo anyezi wambiri aononga mwazi wa garu. Zam'kati za ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa ziphikidwe, pakuti zaziwisi zipatsa garu njoka za m'mimba zimene mazira ace angathe kudwalitsanso anthu. Madzi asasowe m'phale lace pamthunzi, cifukwa garu saturuka thukuta monga ife, adziziziritsa ndi kupuma wefuwefu.

Tiagaru tambiri tibadwa ndi njoka za m'mimba zocokera kwa amao, ndico cifukwa cace tioneka ndi mimba yotupa ndi ubweya woyera mbuu. Mankhwala ace ayamba kuperekedwa pa masabata awiri, ndi kubwerezedwa monga alangizi a ziweto adzakuuzani. M'nyengo ya dzinja penyani mphutsi. Nchenche yace iikira mazira pa mcenga wonyowa ndi mkodzo pamthunzi, ndipo mphutsizo ziboola khungu la kagaru kogona pamenepo. Sesani pogona pace, pakhale pouma; potupa pakani mafuta a Vaseline kuti mphutsi isowe mpweya, ndi kufinya mofatsa. Ngati simufuna kuswetsa, funsani dokotala wa ziweto za kutseka garu wanu, koposa kukataya ana ace kumtsinje.

Ciwewe

Tsopano ndifike pa nkhani imene ikhudza moyo wa ana athu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse liwerengera kuti ciwewe cipha anthu ngati 59,000 caka ciri conse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse acitenga kwa garu, ndipo mwa anthu khumi ali onse olumidwa ndi nyama yoganiziridwa ciwewe, anai ndi ana osafika zaka 15. Kacirombo kace kali m'malobvu. Kalowa pa bala, nikayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kunka ku ubongo. Ulendowo utenga kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sabata limodzi, nthawi zina caka. Bala lipola, anthu aiwala. Koma zizindikiro zikayamba kuoneka, palibe mankhwala a cipatala kapena a mitengo amene angathe kuciza.

Komabe nthendayi ipeweka kotheratu. Pa 6 Julaye 1885, ku Paris, Louis Pasteur anayamba kupereka katemera wace kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi garu waciwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo. Pasteur anamwalira pa 28 Seputembala 1895, ndipo tsiku limenelo caka ndi caka ndilo lokumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe; lilembeni pa kalendala yanu. Akatswiri apeza kuti ngati agaru 7 mwa 10 ali onse m'dera alandira katemera, nthendayi ileka kufalikira. Kagaru kalandire katemera wa ciwewe pofika miyezi itatu, ndi kubwereza monga a ofesi ya ziweto adzanenera. Sungani kalata yace pamodzi ndi makalata ena ofunika. Funsaninso za katemera wa nthenda yotsegula m'mimba mwa magazi, imene ipha tiagaru tambiri, ndipo ayamba kuperekedwa pa masabata 6 kufikira 8.

Apa kaleredwe ndi katemera zikumana. Pa tsiku la katemera, agaru amene afika ndiwo olola kugwiridwa ndi kuyenda pa cingwe. Aja anakulira kuseri kwa nkhokwe athawira kuthengo, ndipo eni ace abwerera manja lende, nati, "Wanga sagwirika." Amenewo ndiwo asunga nthenda m'mudzi. Cifukwa cace zoloweretsani kagaru kugwiridwa makutu, mapazi ndi khosi, ndi kubvala cingwe, kakali ka masabata owerengeka.

Garu waciwewe sakhala wolusa nthawi zonse. Wina asintha khalidwe, aluma mitengo ndi miyala, nayenda kutali. Wina angofooka, nsagwada igwa, malobvu acuca, ndipo aoneka ngati watsamwa fupa. Musapise dzanja m'kamwa mwace. Ngakhale kagaru kakang'ono kangathe kukhala nayo nthendayi. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, kapena garu wokayikitsa akanyambita pa bala, tsukani pomwepo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osasiya msanga. Musamangepo ubweya wa garu, musathirepo tsabola kapena dothi. Pitani kucipatala tsiku lomwelo, ndipo mutsirize majekeseni onse amene adzakulemberani, cinkana bala lapola. Garu wolumayo, ngati agwirika popanda ngozi, atsekeredwe payekha masiku 10 ndi kupatsidwa cakudya ndi madzi, ndipo a ofesi ya ziweto ndi amfumu auzidwe. Ana anu muwauze kuti akalumidwa, ngakhale pang'ono, anene msanga, ndipo simudzawakalipira. Pakuti ambiri abisa bala poopa kukwapulidwa cifukwa coputa garu wa eni.